Njira za amtengatenga, njira za alendo

Kwa munthu wa ku Lisungwi, nkhani yoti pali anthu amene amalipira ndalama kuti ayende wapansi sabata yathunthu imamveka ngati nthabwala. Kuno woyenda pansi ndi mayi wa thumba la chimanga wopita kuchigayo, kapena mnyamata wokankha njinga ya makala pachitunda, thukuta lili kamukamu. Koma ku Ulaya tchuthi chotere ndi malonda okhazikika. Mlendo amatsata mtsinje wa Rhine, Mosel kapena Douro, kudutsa m'minda ya mphesa, madzulo n'kugona m'mudzi momwe walawa vinyo wa pomwepo, chikwama chake chitatsogola kale pa galimoto. Mbiri ya maulendowa ikutikhudza, chifukwa njira zimenezo zinayamba ndi thukuta monga zathuzi, ndipo chimene chinazisandutsa chuma ndi kumangirira mbewu ku dzina la malo amene yamera.

Mu 1756 boma la Portugal, motsogozedwa ndi nduna imene mbiri imaitchula kuti Pombal, linadula malire a dera la Douro n'kuimika miyala, kuti vinyo wa kunja kwa miyalayo asamagulitsidwe ndi dzina la m'katimo. Masiku amenewo m'zitunda za Douro munkayenda amuna osenza madengu a mphesa kumsana, migolo n'kumatsikira ku Porto pa mabwato. Ku Rhine nako m'mbali mwa madzi munali tinjira ta mahatchi ndi anthu okoka mabwato ndi zingwe popita kumtunda. Sitima za nthunzi zitachuluka m'zaka za m'ma 1820, ntchito ya okokawo inayamba kufa, koma sitima zomwezo zinadza ndi alendo, ndipo m'ma 1830 Karl Baedeker wa ku Koblenz anayamba kusindikiza mabuku ouza mlendo pogona, pokadya ndi pokwerera phiri. Zina zonse zinadza pang'onopang'ono: msewu wa vinyo wa ku Germany mu 1935, wa ku Stellenbosch ku South Africa mu 1971, kenako mu 2005 njira ya oyenda pansi ya Rheinsteig, yotalika makilomita 320 kuchokera ku Bonn kukafika ku Wiesbaden. Kuchoka pa miyala ya Pombal kufika pamenepa padutsa zaka pafupifupi 250.

Chigwa chathu nachonso chinadziwika kunja chifukwa cha kuyenda pansi, ndipo chinachititsa ndi madzi. Pakati pa Matope ndi Kapichira, kumene Lisungwi amathira m'Shire atatsika kuchokera ku mapiri a Kirk Range, mtsinje waukuluwo umagwa mamita pafupifupi 400 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Palibe bwato lingakwere pamenepo. David Livingstone atafika pa mathithi oyamba mu Januwale 1859 sitima yake ya Ma Robert sinathe kupitirira pamenepo, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho iye, John Kirk ndi Amakololo anakaiona nyanja atayenda wapansi. Mu 1861 anabwerera ndi bwato lopalasa, anthu a m'midzi n'kulisenza pamapewa kulambalala mathithi onse. Mu 1875 a mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young ndi Robert Laws, anaphwasula sitima ya Ilala zidutswazidutswa, anthu mazanamazana n'kunyamula zitsulozo m'miyala ndi m'minga kutentha kuli pachimake, mpaka sitimayo inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala. Mabuku anasunga maina a azunguwo. A onyamula boyila ya Ilala sanawasunge. Kampani ya Mandala itayamba mu 1878, kusenzako kunasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku ya amtengatenga, aliyense ndi mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 pamutu, bwana ali ndwii m'machila.

Apa ndi pamene njira zathu zinasiyana ndi za ku Rhine. Kumeneko makina atalanda ntchito ya okoka mabwato, m'chigwa munatsala mbewu ya dzina yoimitsa mlendo. Kuno makina analanda ntchito ya amtengatenga n'kusiya chigwa ngati podutsira chabe. Mandala anali atasankha kale njira ya Katunga, Blantyre ndi Matope. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Salima mu 1935. Mathithi anasanduka magetsi, Nkula mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000, mawaya n'kumapita ku mizinda. Ngakhale njanji yatsopano yochokera ku Moatize imangodutsa ndi malasha ake ulendo wa ku Nacala. Zimene dera limabala zimatulukanso chimodzimodzi, zosakonzedwa ndiponso zopanda dzina: tsanya amapita ku Blantyre ali makala, manachesi amagulitsidwa m'milu ku Zalewa nyengo yozizira, ndipo pamsika wa m'tauni dzina limene limamveka ndi la Mwanza, ngakhale kuti Neno inakhala boma palokha mu 2003. Kuyesa kooneka kosintha izi kunachitika ku Kam'mwamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene bungwe la Wildlife Society of Malawi linathandiza anthu a m'midzi kupanga juwisi wa malambe ndi wa bwemba, kuti mtengo woimirira uzipatsa ndalama kuposa wogwetsedwa. Ganizo lake linali lofanana ndi la ku Douro, kungoti linalibe lamulo kumbuyo kwake.

Wina anena kuti kufananitsaku n'kopanda pake chifukwa ku Lisungwi kulibe mphesa, ndipo dera limene muli mishoni ya Matandani ya Seventh Day, yomwe inayamba mu 1908, silingakondwe kutchuka ndi chakumwa choledzeretsa. Mfundo yachiwiriyo ndi yoona ndipo iyenera kulemekezedwa. Yoyambayo imagwa tikayang'ana ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, imalandira alendo oyenda m'minda ya tiyi n'kukalawa mitundu yake kufakitale, ndipo palibe dontho la vinyo limene limafunika pa kulawako. Chimene mlendo amagula ndi kuona ndi maso ake kumene chakumwacho chachokera. Mlambe umaonetsa zimenezi kuposa mpesa: chibade cholimba choswa ndi mwala, ufa woyera wowawasa womatirira ku nthanga, amayi akuuviika m'madzi, kuusefa ndi kuthira shuga. Kwa ofuna vinyo weniweni, nayenso ndi wotheka, poti a Linga ku Lilongwe amapanga wa zipatso za konkuno.

Chotsutsa cholemera kuposa chimenecho ndi chakuti mlendo ndi mame. Alendo obwera ku Malawi ambiri amathamangira kunyanja, ku Mulanje ndi ku malo a nyama, ndipo m'chigwa muno kuyambira Okutobala dzuwa limaswa mtengo; miyezi yoyendeka ndi ya Meyi mpaka Ogasiti basi. Mudzi umene ungasiye khasu n'kumadikira azungu a zikwama ungafe ndi njala. Mbiri ya ku Ulaya ikuvomereza chenjezoli: Douro inadya za vinyo wake zaka zoposa 200 woyenda tchuthi asanakhale wowerengedwa, ndiye kuti njira ya alendo imatsatira mbewu yogulitsika kale. Kutsogoza zikwangwani ndi nyumba zogona pomwe malambe akugulitsidwabe m'matumba opanda chizindikiro kungakhale kutaya ndalama. Koma kuti alendo sangabwere konse, Majete akutsutsa: nkhalango imene inali itatheratu nyama, bungwe la African Parks litaitenga mu 2003 inayamba kukoka anthu, ena a iwo oyenda pansi ndi alonda, ndipo ili kumunsi kwa chigwa chomwechi.

Nthawi yoganizira zimenezi si yochuluka. Damu la magetsi la Mpatamanga, la mamegawati pafupifupi 350, likamangidwa lidzamiza mbali ya chigwa cha Shire pakati pa Blantyre ndi Neno. Dziko likuwafuna magetsiwo, ndipo kuwakana sikungakhale nzeru. Chimene mafumu, khonsolo ndi a zakale angachite madzi asanakwere ndi kuyenda m'mphepetemo ndi akuluakulu a m'midzi, kulemba madooko, manda, tinjira ndi maina ake, kuti zotsala pamtunda zidzakhale ndi eni ozidziwa.