Leningrad: Mzinda Umene Unabisa Cuma Cake

Leningrad ndi mzinda wa ku Russia. Lero dzina lake ndi Saint Petersburg. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, asilikali a Germany ndi Finland anauzinga masiku 872, kuyambira 1941 mpaka 1944. Anthu ambirimbiri anafa ndi njala, koma otsalawo sanataye cuma ca makolo awo.

Denga lagolide la chalichi ca Saint Isaac analipaka utoto wotuwa kuti ndege za adani zisalione. Pabwalo pake anabzalapo kabici.

Ku Hermitage, nyumba ya mafumu akale, zithunzi anazithawitsa pa sitima. Mafelemu okha anatsala pakhoma, mbee, kudikira. Nyumba yacifumu ya Peterhof, kunja kwa mzinda, inapsa ndi moto.

Mu 1945 zithunzi zija zinabwereradi. Peterhof nayo anaimanganso pang'onopang'ono.