Golide wa ku Joni ndi tiyi wa ku Thyolo

FUNSO: Mwana wanga wa ku Joni wanditumizira zithunzi ali ndi ana ake ku Gold Reef City, ati ndi mgodi wakale wa golide umene anausandutsa malo okachezako. Malowa anayamba bwanji? Nanga kuno kwathu kulibe kotere koti n'kupitako ndi adzukulu? — Agogo a ku Luchenza

YANKHO: Agogo, golide anapezeka ku Witwatersrand mu 1886. Anthu anakhamukirako ngati ngumbi pa nyali, ndipo mzinda wa Johannesburg unabadwa chaka chomwecho. Gold Reef City anaimanga pamalo a mgodi wa Crown Mines mgodiwo utatsekedwa. Adzukulu anuwo muwauze kuti ena mwa amene ankaswa miyala pansi pa mzinda umenewo anali azibambo a konkuno, olembedwa ndi bungwe la Wenela. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulembanso anthu. Dzina la Wenela linatsalira padepoti ya basi ku Blantyre.

Kuno kwathu ku Thyolo azungu sanathamangire golide, anathamangira nthaka. M'zaka za m'ma 1890 anatenga malo akuluakulu, boma la Harry Johnston n'kuwapatsa zikalata zotsimikiza kuti malowo ndi awo. Anayamba ndi khofi, kenako fodya. Tiyi anakhazikika kaye ku Mulanje, kumene Henry Brown anamubzala mu 1891, ndipo pambuyo pake anafika ku Thyolo. Manja olimira anachokera kwa Alhomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ankapatsidwa pokhala, iwo n'kumalipira ndi thangata. N'chifukwa chake mpaka lero mukangotuluka m'munda wa tiyi mumapeza midzi yothinana, minda ya chimanga itakwera mpaka m'mapiri.

Kokayenda ndi ana kulipo, ndipo si kutali. Esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay wa ku Scotland anaiyambitsa mu 1923, imalandira alendo. Nyumba yakale ya banja la Kay, Huntingdon House, tsopano ndi malo ogona alendo. Ine ndingati ndalama ya chipinda muisunge, mungolawirira m'mamawa n'kubwerako madzulo. Tinjira timadutsa pakati pa mizere ya tiyi wodulidwa molingana m'chiuno, n'kumakwera cha kuphiri la Thyolo. Kukacha bwino, phiri la Mulanje limaoneka poyera uko, chigwa cha Shire chili m'munsi. M'zidutswa za nkhalango zimene zatsala muli mbalame yosowa imene akatswiri anaipatsa dzina la Thyolo. Mitengo yambiri ya paphiripo inapita ndi nkhwangwa.

Anawo akaonetseni othyola tiyi ali pantchito: dengu kumsana, manja onse awiri akuthothola timasamba tiwiri ndi kansonga, kenako kupanga mzere pasikelo kapitawo akulemba makilo. Ntchitoyi imachuluka nthawi ya dzinja, koma njira zimaterera, choncho kwa mawondo anu ndi bwino kudikira mvula ithe.

Esiteti ili ndi eni ake, musangolowa ngati njira ya kuchigayo. Yambani mwafunsa pageti kapena kuimba foni, mumve za malipiro ndi wokuperekezani. Mutengenso majuzi, pakuti chiperoni cha kuno sichiodira.