Sitima Zoyenda Pansi pa Nthaka: Mbiri ya Njanji ya ku London

Pa 10 Januwale 1863, mu mzinda wa London ku Mangalande, anthu pafupifupi 38,000 anatsika makwerero naloŵa pansi pa nthaka. Sanatsike kukakumba golide monga ankachitira makolo athu ku migodi ya ku Joni, koma kukakwera sitima. Njanjiyo inali ya makilomita 6 okha, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo inali yoyamba ya mtundu wake pa dziko lonse lapansi. Munthu amene anaimenyera nkhondo kwa zaka zambiri, Charles Pearson, sanaione ikuyenda, pakuti anamwalira mu Sepitembala 1862, kutatsala miyezi inayi yokha.

Ife Akatolika tili ndi chifukwa china chokumbukirira dzina la bambo ameneyu. Ku London kuli chipilala chachitali chokumbutsa moto woopsa umene unatentha mzindawo mu 1666. Pa chipilalapo panazokotedwa mau onamizira Akatolika kuti ndiwo anayatsa motowo, ndipo mibadwo ingapo ya ana inakula ikuŵerenga bodza limeneli. Pearson anali mmodzi wa amene anaumirira kuti mauwo afufutidwe, ndipo anafufutidwadi mu 1830. Anali loya, ndipo pambuyo pake anakhala loya wamkulu wa bungwe lolamulira chigawo chakale cha mzindawo, chotchedwa City.

M'masiku akewo London anali atatupa ngati mtsinje wa m'dzinja. Mu 1801 anthu ake anali pafupifupi 1 miliyoni, koma pofika 1851 anapitirira 2 miliyoni. Sitima zochokera m'madera akutali zinkaimira m'mphepete mwa mzinda, popeza boma silinalole kuti njanji ziloŵe pakati penipeni. Tsono m'misewu munali ngolo za akavalo, ng'ombe zopita kumsika ndi anthu oyenda pansi, zonse kukanganira njira imodzi. Wolemera ankakhala kunja kwa mzinda kumene kunali mphepo yabwino, nabwera ku ntchito pa ngolo. Mmphaŵi analibe ndalama ya ngolo, choncho ankagona pafupi ndi ntchito yake, banja lonse m'chipinda chimodzi, m'makwalala onunkha m'mene kolera ankasesa anthu kaŵirikaŵiri. Ganizo la Pearson linali lakuti ngati pangakhale sitima yotsika mtengo yofika pakati pa mzinda, wantchito naye angathe kukhala ndi kanyumba ndi kadimba kunja kwa mzinda, ana ake nkumapuma mpweya wabwino. Njanji anaiona ngati chida chotulutsira anthu mu uve.

Ambiri anamseka. Zimanenedwa kuti nduna yaikulu ya nthaŵiyo, Lord Palmerston, amene anali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80, anakana kupita ku mwambo wotsegulira njanjiyo ponena kuti afuna kukhala pamwamba pa nthaka kwa masiku onse amene angathe. Ndalama nazo zinavuta kusonkha, kufikira Pearson ananyengerera akuluakulu a City kuti aikepo mapaundi 200,000. Ntchito inayamba mu 1860, moyang'aniridwa ndi injiniya John Fowler.

Kakumbidwe kake kanali kosavuta kukamvetsa koma koŵaŵitsa msana. Ankang'amba msewu, kukumba ngalande yaikulu ndi mapiki ndi mafosholo, kumanga makoma a njerwa mbali zonse ziŵiri, kuika denga lokhota, kenaka kukwirira ndi kubwezeretsa msewu pamwamba pake. Ambiri mwa anthu ogwira ntchito zokumba za mtundu uwu m'zaka zimenezo anali ochokera ku Ireland, dziko limene njala ya mu 1845 ndi zaka zotsatira inabalalitsa ana ake. Mu Juni 1862 ngalande ya zonyansa yotchedwa Fleet inaphulika, madzi nadzaza m'dzenjemo, ndipo ntchito inachedwa.

Pamene njanji inayenda pansi pa msewu, anthu anangovutika ndi fumbi ndi phokoso. Koma chakumapeto kwake, m'dera la Clerkenwell ndi Farringdon, inadutsa pakati pa nyumba za amphaŵi, ndipo nyumbazo zinagwetsedwa. Eni nyumba analipidwa. Anthu a lendi, olipira mlungu ndi mlungu, anangouzidwa kuti asamuke. Sanapite ku tinyumba ta madimba tija. Anakaunjikana m'makwalala oyandikana nawo, m'mene lendi inakwera chifukwa zipinda zinachepa. Apa ndi pamene nkhaniyi imatiŵaŵa: njira yokonzedwa m'dzina la osauka inayamba ndi kuchotsa denga pamutu pa osauka omwewo. M'dera lomwelo munkakhala Ataliyana ambiri osauka, oimba zeze m'misewu ndi amisiri a ntchito zamanja, ndipo tchalitchi chawo cha Petulo Woyera, chimene Vincent Pallotti Woyera anachilakalaka, chinatsegulidwa mu Epulo 1863, patangopita miyezi itatu sitima itayamba kuyenda chapafupi pomwepo.

Komabe loto la Pearson silinafere m'mazira. M'chaka choyamba maulendo a anthu pa njanjiyo anaposa 9 miliyoni. Mu 1864 kampani inayamba kuyendetsa sitima za m'mamaŵa za anthu a ntchito, mtengo wake makobiri atatu kupita ndi kubwerera, ndiye kuti tiki imodzi, kwa inu akuluakulu amene mukukumbukira ndalama zakale. Mu 1883 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lolimbikitsa makampani onse a njanji kukhala ndi sitima zotsika mtengo zotere. Amene anapindula anali mmisiri ndi kalaliki, anthu a malipiro okhazikika. Wa maganyu, wofunika kukhala pa chipata cha doko kusanache kuti mwina amlembe tsikulo, anatsalabe m'makwalala muja. Pearson mwiniwake anakana mphotho imene kampani inafuna kumpatsa. Atamwalira, kampaniyo inkapereka mapaundi 250 pa chaka kwa mkazi wake wamasiye.

Ulendo wa m'sitima zoyambazo sunali wokoma. Injini zinali za malasha, mabogi a matabwa ounikiridwa ndi nyali za gasi, ndipo utsi unkadzaza m'mphangamo mpaka anthu kutsokomola. Akuluakulu a kampani, mosachita manyazi, ankati utsiwo ngothandiza odwala chifuwa. Mankhwala enieni anali magetsi. Mu 1890 kunatsegulidwa njanji ya City and South London, yoyenda ndi magetsi, yokumbidwa mozama ndi chishango chachitsulo cha James Henry Greathead, injiniya wobadwira ku South Africa. Chishangocho chinkaboola dothi ngati mfuko popanda kugwetsa nyumba za pamwamba. Kuchokera apo mizinda ina inatsatira: Budapest ndi Glasgow mu 1896, Paris mu 1900, New York mu 1904, Moscow mu 1935, ndipo mu Africa muno Cairo mu 1987. Ya ku Buenos Aires, yotsegulidwa mu 1913, ndiyo imene Kardinala Jorge Bergoglio ankakwera pamodzi ndi anthu wamba asanasankhidwe kukhala Papa Fransisko mu 2013.

Panafika nthaŵi pamene mphanga za ku London zinagwira ntchito imene Pearson sanailote. Mu Sepitembala 1940 ndege za ku Germany zinayamba kuponya mabomba usiku ndi usiku. Boma silinafune kuti anthu azibisala m'masiteshoni, poopa kuti sitima zidzalephera kuyenda ndiponso kuti anthu adzakana kutulukamo. Koma mabanja a kum'maŵa kwa mzinda, okhala pafupi ndi madoko amene adani ankalunjika, analibe pena pothaŵira. Ankagula tikiti yotsika mtengo madzulo, kutsika ndi mabulangete ndi ana, osatulukanso mpaka kucha. Usiku wa pa 27 Sepitembala 1940 anthu pafupifupi 177,000 anagona pansi pa nthaka. Boma linagonja, ndipo pang'onopang'ono linaikamo mabedi, zimbudzi ndi malo ogulitsira tiyi.

Siteshoni ya Bethnal Green inali isanayambe kulandira sitima, choncho inasanduka pobisalira anthu zikwi. Khomo lake linali limodzi, lopapatiza, la makwerero 19, lopanda chogwirira pakati, lounikiridwa ndi babu limodzi lofooka. Khonsolo ya deralo inali itapempha boma chilolezo chokonza khomolo, koma inakanizidwa. Madzulo a pa 3 Malichi 1943 lipenga lochenjeza za ndege linalira, anthu nayamba kutsika. Mwadzidzidzi asilikali a ku Victoria Park anaombera zida zatsopano zogwetsera ndege, za phokoso limene anthu anali asanalimvepo, ndipo khamu linafulumira. Mayi wina wonyamula mwana anagwa chakumunsi kwa makwerero, ena nagwera pa iye, ndipo m'kamphindi anthu pafupifupi 300 anali atapanikizana mu mdima. Anafa 173, ndipo 62 mwa iwo anali ana. Palibe bomba limene linagwa pamalopo usiku umenewo.

Chifukwa cha nkhondo, nyuzipepala sizinaloledwe kutchula dzina la siteshoniyo, ndipo opulumuka anauzidwa kuti asakambe za ngoziyo. Lipoti la kafukufuku wa boma linabisidwa mpaka 1945. Zogwirira ndi nyali zinaikidwa pa makwererowo maliro atachitika kale. Chikumbutso cholembedwa maina onse 173 chinaimikidwa pambali pa khomo lomwelo mu Disembala 2017, patapita zaka 74, ndipo ndalama zake zambiri zinasonkhedwa ndi abale a omwalirawo pamodzi ndi anthu a m'deralo.