Chinguluwe pa mapu a boma: kuchoka m'kabati kufika pa intaneti

Chinguluwe, m'boma la Salima, ndi dera lomwe lajambulidwa pa mapu kambirimbiri. Nthambi ya boma la Britain ya Directorate of Overseas Surveys, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946, inajambula dziko lino kuchokera mu ndege n'kutulutsa mapu oonetsa mitsinje, misewu ndi midzi. Mu 1968 ntchito yotukula ulimi m'mbali mwa nyanja ku Salima inayamba ndi thandizo la West Germany, ndipo m'masikimu a thonje monga wa Chinguluwe minda inkayezedwa isanagawidwe. A kalembera nawo, kuyambira 1966, akhala akudula dera lomweli m'zigawo zawozawo.

Mapu analipo ndithu, koma aliyense ankatsekera ake m'kabati. A zaulimi anali ndi malire awo, ofesi ya kalembera ku Zomba inali ndi ake, pomwe a zaumoyo ankadalira mapu ojambula pamanja omwe mlangizi wa zaumoyo amamata pakhoma la chipatala.

Vuto la malire osagwirizanawa limaonekera pa katemera. Kuti chipatala chidziwe ngati chafikira ana okwanira, chimayerekeza ana obayidwa ndi ana onse a m'dera lake. Nanga chiwerengero cha ana onsewo chichokere kuti? Cha kalembera chimatsata zigawo za kalembera. Cha alangizi chimatsata midzi yomwe iwo amayendera. Malire akasemphana, lipoti limatha kuonetsa kuti ana obayidwa aposa ana omwe alipo, chonsecho mudzi wina sunafikiridwe n'komwe. Chimodzimodzinso muyezo wa makilomita 5 womwe umagwiritsidwa ntchito pozindikira madera ovuta kufikako. Pa pepala mtundawo ndi mzere woongoka, koma m'dzinja dothi la makande likaterera, mitsinje yochokera kumapiri a ku Dowa itadzadza, mayi wobereka mwana wodwala malungo amazungulira kutali.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2012, pomwe boma, mothandizidwa ndi World Bank, linatsegula MASDAP, nkhokwe ya mapu pa intaneti yomwe aliyense angatapemo. Chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unayamba kusonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2. Kalembera wa 2018 anachitika ndi matabuleti, ndipo undunawu unakhazikitsanso kaundula wa zipatala zonse woonetsa pomwe chilichonse chili. Komabe MASDAP inabadwira ku ntchito yolimbana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, makamaka kusefukira kwa madzi kuchigwa cha Shire, osati ku zosowa za chipatala chaching'ono. N'chifukwa chake malire a dera lomwe chipatala chimatumikira anatsalira m'mbuyo, ngakhale ndi omwe amafunika tsiku ndi tsiku.

Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo Salima linali limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Kuthana nawo kunkafuna kudziwa pa nthawi imodzi mudzi wa wodwala, mjigo womwe amamwa ndi njira yokafikira kumeneko, zinthu zomwe zimasungidwa ndi maunduna atatu osiyana.

Tsopano pabuka funso lina. Alangizi akamalemba mabanja pa foni kudzera mu iCHIS, kadontho ka pa mapu kakhoza kuloza khomo la munthu wodwala TB kapena yemwe ali ndi HIV. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina a kompyuta linakhazikitsidwa mu 2024, patatha zaka 12 chitsegulireni MASDAP.