Shrimad Rajchandra ndi Cilankhulo ca Ciphunzitso Cake

Shrimad Rajchandra anabadwa m'caka ca 1867 m'mudzi wa Vavania ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo anamwalira ku Rajkot mu 1901 ali ndi zaka 33 zokha. Atate ake anali a cipembedzo ca Vaishnava, amai ake a cipembedzo ca Jain; iye anatsata njira ya amai. Sanalowe m'gulu la amonke. Anakwatira, nacita malonda a ngale ndi miyala yamtengo wapatali ku Bombay. Kumeneko anachuka mu 1887 poonetsa pagulu luso losunga m'mutu zinthu 100 panthawi imodzi, koma posakhalitsa analeka zionetserozo poona kuti zinali kum'patutsa pa za mzimu.

Cimene ciyenera kutikhudza ife aphunzitsi a zilankhulo ndi cakuti malemba akale a cipembedzo ca Jain ali m'zilankhulo za Prakrit ndi Sanskrit, zimene wamalonda wamba sakanatha kuwerenga. Rajchandra analemba m'Cigujarati. Sanali woyamba kutero, koma m'ndakatulo yake ya Atmasiddhi, ya mavesi 142, imene analemba ku Nadiad mu 1896, anasonyeza kuti cilankhulo ca pamsika cingasenze nzeru zozama. Mfundo zake ndi 6: mzimu ulipo, sufa, ndiwo mwini zocita zake, ndiwonso wokolola zipatso zake, kumasuka kulipo, njira yake iliponso. Wophunzira amayala cikaiko cake pa mfundo iliyonse, mphunzitsi nayankha. Kukaika sikuyesedwa mlandu, ndipo apa, m'kuona kwathu, mpamene pagona mphamvu ya bukuli. Amene iye amadzudzula ndi ocita miyambo mopanda kumvetsa, pamodzi ndi odziwa mau ambiri amene moyo wao susintha.

Kaphunzitsidwe ka mafunso ndi mayankho kameneka kanafika ku Africa kudzera m'makalata. Mohandas Gandhi, amene anakumana naye ku Bombay mu 1891, anam'tumizira mafunso 27 kucokera ku South Africa mu 1894, pamene abwenzi ake acikhristu ndi acisilamu anali kum'kopa. Limodzi linali lakuti kodi munthu aphe njoka yofuna kum'luma. Rajchandra anavomereza kuti nkovuta kuuza munthu kuti alole kulumidwa, koma anati wodziwa kuti thupi nlosakhalitsa alibe cifukwa cophera colengedwa cimene cikukakamira thupi lake.