Kebulo ya Klatchi m'Galimoto Zosinthidwa Injini ku America

Mchitidwe woika injini yamphamvu m'galimoto yopepuka unazika mizu kum'mwera kwa California m'zaka za m'ma 1930, makamaka Ford itatulutsa injini ya V8 mu 1932. Chevrolet itabweretsa V8 yake yaying'ono mu 1955, amakaniko anayamba kuilowetsa m'galimoto zamitundumitundu. Injini inkakhala bwinobwino pamalo pake, koma klatchi ndiyo inkawazunguza mutu.

Nthawi imeneyo chopondera klatchi chinkalumikizidwa ndi ndodo zachitsulo. Chitsulo chapakati, chotchedwa Z-bar, chinkatsamira mbali imodzi pa chasisi, mbali ina pa injini. Injini yachilendo ikangokhala mosendera pang'ono, zitsulozo zinkaphonyana, ndipo makaniko ankachita kudula ndi kuwotcherera. Kebulo, yofanana ndi ya mabuleki a njinga koma yokhuthala, inapeputsa ntchito chifukwa imapindika n'kulambalala chilichonse chotchinga.

Nayonso inadza ndi mavuto ake, ndipo anaonekera kwambiri pa Ford Mustang za 1979 mpaka 1993. Zambiri mwa galimotozi zinali ndi kachipangizo ka pulasitiki ka mano pamwamba pa chopondera, komwe kankakunga kebulo pakokha klatchi ikamadyeka. Nzeruyo inali yabwino ndithu, koma anaipangira klatchi ya kufakitale. Munthu akaika injini yamphamvu ndi klatchi yolimba, mano aja ankaperepeseka, kebulo n'kukhwepa. Eni galimoto anayamba kuchotsa kachipangizoko, n'kuikapo ka aluminiyamu pamodzi ndi nati yokungira pamanja pomwe kebulo imabowolera khoma la pakati pa injini ndi dalaivala.

Kuyambira pamenepo, phazi ndi khutu ndizo zinkaulula vuto. Kebulo ikakhwepa, klatchi imagwira phazi likangonyamuka pansi, ndipo magiya amakhweretsa polowa, makamaka rivesi. Ikakungika kwambiri, klatchi imagwira pamwamba penipeni: pachitunda injini imalira koma galimoto osathamanga, fungo la chinthu chopserera n'kumamveka. Makaniko amatembenuza nati pang'onopang'ono, akumapondanso nthawi iliyonse, mpaka klatchi izigwira chapakati. Chopondera chikauma ngati mtengo, nthawi zambiri kebulo imakhala yapindika kwambiri kapena yadutsa pafupi ndi mapaipi a ekizozi, pulasitiki ya m'kati mwake n'kusungunuka.

Mu 2005 Ford inasiya kebulo pa Mustang n'kuyamba klatchi yoyendera mafuta, yomwe sifuna kukungidwa pamanja.