Dizilo linali dzina la munthu

Pachigayo china ku Bwanje amayi akhalira matumba awo a chimanga kuyambira m'mawa, injini ili zii. Mnyamata wogayitsa akungoti, "Pepani amayi, dizilo watha." Iye sakudziwa kuti watchula dzina la bambo wina amene anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo.

Rudolf Diesel anabadwira ku Paris mu 1858, makolo ake ali Ajeremani. Injini yake inayamba kugwira bwino ntchito mu 1897 mumzinda wa Augsburg. Nzeru yake inali yakuti mpweya ukapanikizidwa kwambiri umatentha, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha popanda pulagi. Dzinali linayamba kumamatira pa injiniyo, kenako linatsetserekera ku mafuta ake. Kwathu kuno latsalira pa mafuta basi.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi katchulidwe. Mjeremani akalemba "ie" amawerenga "i" wokoka, ndipo "s" wokhala pakati pa mavawelo amamveka ngati "z". Angerezi anasunga kamvekedweko, anangochotsa chilembo chachikulu koyambirira, dzina la munthu n'kusanduka dzina la chinthu. Ife sitinawatenge m'buku mawuwa. Tikanatero bwenzi tikuti "diyeselo", monga amawerengera mwana wa sitandade 3 akaona zolembedwa pa pampu. Tinawatola ndi khutu, kwa madalaivala ndi amakaniko, n'chifukwa chake "dizi" wathu sali kutali ndi mmene mwini dzina ankadzitchulira.

Nanga "lo" wachokera kuti? Lilime la Chichewa silimalizira mawu pa konsonanti, ndiye "l" wakumapeto timamupatsa "o" woti atsamire. Ndi momwe tinapezera tebulo, botolo, kandulo, pensulo ndi petulo. Mawu akuti dizilo tinawaikanso m'gulu limene limagwirizana ngati la anthu: timati dizilo wakwera, dizilo wasowa, monga tinenera kuti mlendo wafika.

Alimi a mtedza a ku Ntcheu angakonde kumva kuti pa chionetsero cha ku Paris mu 1900 injini ya mtunduwu inayenda ndi mafuta a mtedza. Diesel mwini dzinayo anasowa usiku wa pa 29 Seputembala 1913 m'sitima ya pamadzi yotchedwa Dresden, imene inanyamuka ku Antwerp kupita ku England. Kutacha anapeza bedi lake lili losagonedwa.